Khola la Galu Lisasanduke Ndende

Pali mcitidwe wacilendo umene walowa m'dziko la Acewa pa zaka za posacedwapa, ndipo uli kufala msanga m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road. Munthu akamanga nyumba ya njerwa pa boma la Katete kapena pa Sinda, naizinga ndi mpanda, amaitana mmisiri kuti amkonzere kabokosi ka malata kapena ka njerwa kuseri kwa nyumba. M'kabokosi kameneko amatsekeramo galu wace kuyambira m'mamawa kufikira mdima utagwa, tsiku ndi tsiku, caka ndi caka. Akafunsidwa cifukwa cace, amayankha mosakayika kuti galu wosaona anthu ndiye amakhala waukali, ndipo galu waukali ndiye mlonda weni-weni. Mau amenewa akhulupiriridwa ndi anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, koma ngabodza. Galu woleredwa motero amazunguzika mutu, ndipo wolumidwa naye kawiri-kawiri si mbala ai, koma mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa mnansi.

Palinso anthu a mbali yina amene akamva zimenezi amaomba m'manja, nanena kuti galu samangira nyumba, asiyidwe aziyenda monga anali kucitira makolo. Iwonso alakwa. Khola la galu liri lofunika masiku ano. Mlandu uli pa kamangidwe kace, pa nthawi imene galu akhalamo, ndi pa njira imene amlowetsera. Khola limodzi lomwelo likhoza kukhala nyumba, likhozanso kukhala ndende, ndipo wosankha pakati pa ziwirizi ndi mwini galu.

Munthu wofuna kudziwa cimene galu asowa ayambe wayang'ana galu wa kumudzi, kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi. Sikuti galu ameneyo ali pa mtendere m'zonse: kawiri-kawiri amagona ndi njala, nthiti zace zimawerengeka, ndipo mwala ndi cikuni amazidziwa bwino. Koma cinthu cimodzi sacidziwa, ndico kukhala yekha. Mbuye wace akapita kumunda, iye ali patsogolo. Ngolo ikanyamula cimanga kapena thonje, iye amathamanga pansi pace mu mthunzi. Anyamata akapita kobusa ng'ombe kapena kokumba mbewa, iye ali nao. Kale amuna akamema uzimba, agalu ndiwo anali kubvumbulutsa kalulu ndi gwape m'chire. Ngakhale dzina lace linali ndi nchito, pakuti makolo anali kupatsa agalu maina okuluwika, kuti poitana galu, mnansi wokonda kujeda amve cidzudzulo popanda kukangana naye pamaso.

Tsono dzuwa likafika pa liwombo, galu yemweyo amadzipezera yekha pogona. Amalowa pansi pa nkhokwe, pamene pali mthunzi ndi kamphepo, nakanda dothi kufikira apeze lozizira, nagona. M'nyengo yacisanu ya June ndi July amasendera ku phulusa la pamoto. Galu wamkazi akafuna kuswa amafuna malo obisika, a mdima pang'ono. Izi zisonyeza kuti galu akondadi kamalo kakang'ono kochingika, ndipo pamenepa omanga mabokosi agwira kacidutswa ka coonadi. Koma pansi pa nkhokwe palibe loko. Galu amalowa yekha ndi kuturuka yekha. Ali cigonere amaona ana ali kusewera, amamva mau a amai ali kusinja, ndipo mlendo akafika amadzuka kukamnunkhiza. Khola labwino ndi limene litsanza pansi pa nkhokwe.

Cibwenzi ca galu ndi munthu ncakale kopambana ca ciweto cina ciri conse. M'caka ca 1914, ofukula miyala pa Oberkassel pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany anapeza manda a mwamuna ndi mkazi, ndipo m'manda omwemo munali mafupa a kagalu. Manda amenewo ngazaka pafupi-fupi 14,000. Akatswiri atapima mano a kagaluko anapeza kuti kanadwala nthenda yaikulu masabata angapo, nthenda yoti sikadapirira popanda munthu wokadyetsa ndi kukafunditsa. Nyama imene yakhala pa mapazi a munthu zaka zonsezo siingasandutsidwe nyama ya yokha cifukwa ca loko wogula m'sitolo. Kwa galu, kukhala yekha tsiku lonse kuli ngati njala kapena ludzu.

Nanga cinasintha nciani kuti khola lifunike? Casintha ndi makhalidwe a anthu. Mphunzitsi, namwino, kalaliki wa pa boma, ndi wamalonda wopita ku malire a Chanida, onsewa amacoka pakhomo m'mawa, ndipo galu sangawatsate ku sukulu, ku cipatala kapena mu basi. Ana naonso amapita kukaphunzira. Nyumba zayandikana, magalimoto akulu-akulu acuruka pa mseu, ndipo mnansi woweta nkhuku zogulitsa sakhululukira galu wakuba mazira. Pamwamba pa izi anthu ayamba kugula agalu a mitundu ya kunja, monga German Shepherd, Boerboel ndi Rottweiler, amene ali ndi mphamvu zoposa za galu wa kumudzi. Galu wotero sangasiyidwe kuyenda-yenda pa msika.

Koma cifukwa cacikulu koposa ndi ciwewe. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, liwerengera kuti nthendayi imapha anthu pafupi-fupi 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Kuti pa anthu 100 ogwidwa nayo, mpaka 99 amaitenga kwa galu. Ndi kuti pa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa ciwewe, 4 ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zace zikayamba kuoneka, munthu sacira. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata woyamba ndi katemera m'caka ca 1885, koma kufikira lero katemerayo athandiza bwino koposa ngati wolumidwayo atsuka bala ndi sopo ndi madzi mphindi 15, nafulumira ku cipatala, monga ca St Francis ku Katete kapena ca Nyanje ku Sinda. Malamulo a Zambia ali ndi Control of Dogs Act, Chapter 247, ndipo pansi pa malamulo amenewa boma likhoza kulamula kuti agalu amangidwe pamene ciwewe cabuka m'dera. Galu woluma munthu afunika kusungidwa pa yekha masiku 10 kuti aoneke ngati adwala. Tsono wonena kuti galu samangira nyumba ayankhe: tsiku la lamulo limenelo galu wace adzamuika kuti? Galu wosazolowera khola amamangidwa ndi waya m'khosi pa mtengo wa mango, nalira usiku wonse, nadzibvulaza, ndipo pomariza mwini wace amammasula mobisa cifukwa ca phokoso.

Cotero khola liyenera kukhalapo. Koma a mabokosi a malata asakondwere msanga, pakuti mlandu wao ndiwo waukulu.

Iwo amati galu wobisidwa amakhala waukali. Cimene amacicha ukali ndi mantha. Kwa zaka 13 akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, analera agalu mazana-mazana pa Bar Harbor ku America ndi kulemba makhalidwe ao, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1965. Anaona kuti nthawi imene kagalu kaphunzira kudziwa anthu ndi zinthu iri pakati pa masabata 3 ndi 12 a moyo wace. Tiagalu timene sitinagwidwe ndi munthu kufikira masabata 14 tinakula tiri kuopa anthu monga nyama za m'chire. Akulu ananena kale kuti m'mera mpoyamba. Kagalu kotsekeredwa pa msinkhu umenewo kamakula kosadziwa kusiyanitsa mwana ndi cirombo, njinga ndi mdani. Ciri conse ncacilendo kwa iko, ndipo nyama yamantha ikasowa pothawira imaluma. Ofufuza ena a ku Denver, ku America komweko, anafalitsa m'caka ca 1994 kuti agalu omangidwa pa unyolo anali oluma anthu osakhala a pakhomo pafupi-fupi katatu kupambana osamangidwa.

Nchito ya mlonda ndi kusiyanitsa. Mlonda waumunthu amene amenya ali yense wofika pa cipata, apongozi, mbusa wa mpingo, mlangizi wa zaulimi, mwana wodzapala moto, sangakhale pa nchito sabata limodzi. Galu wamkota sakandira pacabe. Ndipo samauwanso pacabe, cifukwa wakhala pakati pa anthu, wadziwa mapazi a eni mudzi ndi pfungo lao, ndipo akauwa usiku mwini nyumba amadzuka podziwa kuti pali kanthu. Koma galu wa m'bokosi akamasulidwa usiku amathamanga monga wopenga, nauwa mphepo, nauwa mwezi, nauwa anzace a kutsidya, kufikira eni nyumba aleka kumsamala. Mbala yocenjera imadziwa nyumba zotero. Imadziwanso kuti galu wanjala amagulidwa ndi kanyama kamodzi koponyedwa pamwamba pa mpanda. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: mwini nyumba amanyadira kuuwa koopsa kumene alendo amamva usana, osadziwa kuti alibe mlonda.

Wina aganizenso za m'kati mwa bokosilo m'mwezi wa October. Kunja kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo pansi pa lata lopanda denga la udzu kumatentha koposa pamenepo. Ali yense wogona m'nyumba ya malata yopanda siling'i adziwa. Munthu amadziziziritsa ndi thukuta la thupi lonse. Galu alibe mwai umenewo. Thukuta lace ndi la ku mapazi kokha, ndipo amadziziziritsa pakupuma wefu-wefu lilime liri kunja. Mpweya wa m'bokosi ukatentha, kupuma kumeneko sikuthandizanso, ndipo galu akhoza kufa asanafike madzulo. Galu mwacibadwa sadetsa pogona pace, koma wotsekeredwa maola 12 alibe pocitira mwina. Dothi lonyowa ndi mikodzo ndilo limene nchenche ya mphutsi iikirapo mazira, ndipo mphutsizo zimaboola khungu ndi kukulira m'katimo. Nthata ndi nkhupakupa zimaswana m'ming'alu, nchenche zina zimadya nsonga za makutu. Mwini wace amadabwa kuti galu wogula ndarama zambiri wafa caka cisanathe, nayamba kuganizira mnansi kuti wamthira mankhwala.

Ena amaonjeza zoipa pa zoipa. Amati galu adyetsedwe mabvu, tsabola kapena camba kuti mtima wace uwire. Ena amammana cakudya dala, ena amamenya malata ndi ndodo podutsa kuti akwiye. Zonsezi sizipatsa galu nzeru kapena kulimba mtima. Zimangomphunzitsa kuti dzanja la munthu limabweretsa zowawa, ndipo tsiku lina dzanja limene lidzamyandikira lidzakhala la mwana wokwawa. Kuzunza nyama ndi mlandunso pa lamulo, pakuti Zambia iri ndi Prevention of Cruelty to Animals Act.

Ophunzira ena amadzichinjiriza ponena kuti ngakhale ku maiko a Azungu agalu amawaika m'mabokosi a waya. Nzoona kuti ku America ndi ku Britain ambiri amacita zimenezo. Koma bokosilo limakhala m'nyumba momwe mugona anthu, galu amaphunzitsidwa kulikonda pang'ono-pang'ono, ndipo akatswiri a kumeneko amacenjeza kuti asakhalemo nthawi yaitali. Bungwe la RSPCA la ku Britain, limene linayamba m'caka ca 1824, limalangiza kuti galu asasiyidwe yekha kupitirira maola 4. Ku Sweden ndi ku Finland lamulo liletsa kusunga galu m'bokosi lotseka pakhomo, kupatula pa zifukwa zowerengeka monga ulendo. Ndipo kale m'caka ca 1965, kabungwe ka boma la Britain kotsogozedwa ndi Professor Roger Brambell kananena kuti ngakhale ciweto copita kokaphedwa ciyenera kukhala ndi malo oimirira, ogona, otembenuka, odzinyambita ndi otambasula miyendo. Wotengera Azungu bokosi lokha, nasiya ciphunzitso cace, ali ngati wogula khasu lopanda mpini.

Tsono khola loyenera limangidwa motani? Limangidwa pa mthunzi, pafupi ndi nyumba, pamene galu aona khomo ndi kumva mau a anthu, osati kuseri kwa cimbudzi. Denga likhale la udzu, kapena ngati liri la lata, pamwamba pace pafoleredwe udzu. Mbali ziwiri zikhale za waya kapena za nsungwi zotalikirana, kuti mphepo ipite. Mbali ya kumene icokera mphepo yozizira ya July ichingidwe. M'kati galu akhoze kuimirira osawerama, kutembenuka, ndi kugona atatambasula miyendo yonse. Pogona pakwezedwe ndi matabwa ndi kuyalapo saka louma, limene liyenera kucapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Madzi akhale m'cinthu colemera cosagubuduzika, monga mphika wokwiriridwa theka m'dothi. Koposa zonse, patsogolo pa kanyumbako pakhale kabwalo ka mpanda, mayadi angapo uku ndi uku, kuti galu aturuke kukadzithandiza ndi kuothera dzuwa. Anthu a ku Katete ndi ku Vubwi adziwa kuzinga dimba lonse ndi mitengo ndi minga kuopa ng'ombe. Kabwalo ka galu sikangawakanike.

Kumanga ndi nchito ya masiku awiri. Kuphunzitsa ndiko kufuna mtima wodekha. Ivan Pavlov wa ku Russia anaonetsa kuti galu amene amva cizindikiro cimodzi-modzi nthawi zonse asanadye, pambuyo pace amadontha malobvu pakumva cizindikiro cokhaco. Galu amalumikiza malo ndi zimene zimamcitikira pamalopo. Akakokedwa m'khola ndi cingwe ndi kumenyedwa, khola ndi ndodo zidzakhala cinthu cimodzi m'mutu mwace. Akapezamo nsima, khola ndi nsima zidzakhala cinthu cimodzi. Cifukwa cace masiku oyamba citseko cikhale cotsegula usana ndi usiku. Mbale ya cakudya iikidwe pafupi ndi khomo la khola, mawa lace pa khomo peni-peni, mkuja m'kati. Galu akalowa, mwini wace anene mau amodzi, monga akuti "Lowa," namtama ndi mau ofatsa; ndipo a pabanja onse agwiritse nchito mau omwewo.

Galu akayamba kulowa yekha mosakayika, citseko citsekedwe pamene ali kudya ndi kutsegulidwa asanamarize. Mawa lace cikhale cotseka mphindi ziwiri atatha kudya, tsiku lina mphindi zisanu, tsiku lina khumi, mwini wace ali pafupi pomwepo, ali kutong'ola cimanga kapena kukonza njinga. Pambuyo pace ayambe kuzimirira kuseri kwa nyumba ndi kubwera galu asanayambe kulira, natalikitsa nthawi pang'ono-pang'ono. Galu akadandaula pang'ono, mwini wace adikire akhale cete, ndipo pamenepo atsegule, kuti galu asaphunzire kuti kulira ndiko kiyi. Koma akayamba kuluma waya, kudontha dobvu ndi kukanda kufikira zala zituruka mwazi, amenewo ndi mantha akulu. Mphunzitsi wafulumira, ndipo abwerere m'mbuyo. Kagalu kakhoza kuzolowera pa masiku owerengeka. Galu wamkulu amene anazunzidwapo afuna masabata. Ndipo khola lisakhale konse cilango. Galu wakuba ndiwo akaponyedwa m'khola mwaukali, nchito ya mwezi wathunthu yaonongeka tsiku limodzi.

Za nthawi, muyeso wa oweta agalu ngwosabvuta kukumbukira: kagalu kamapirira osakodza pafupi-fupi ola limodzi pa mwezi uli wonse wa msinkhu wace. Ka miyezi 2 kasatsekeredwe kupitirira maola 2, ka miyezi 3 maola 3. Galu wamkulu asapitirire maola 4 m'kanyumba kotseka. Nzoona kuti galu amagona pafupi-fupi theka la tsiku, ndipo wolonda usiku afuna tulo usana. Koma agone citseko ca kanyumba ciri cotsegukira ku kabwalo kace, ndipo masana munthu wina afike kudzamuona, kumthirira madzi ndi kumturutsa kanthawi. Banja limene liribe munthu ndi mmodzi yemwe wotha kucita zimenezi lidzifunse ngati nthawi yace yoweta galu yafika.

Kwatsala kanthu kamene ambiri amakaseka, kakuti galu amasungulumwa ndi kunyong'onyeka. Galu wosowa cocita amadzipezera nchito: amafukula maziko, amatafuna citseko, amazungulira-zungulira malo amodzi kufikira apanga njira, kapena amadzinyambita mwendo kufikira cironda. Mankhwala oyamba ndi kumtopetsa asanasiyidwe. Mnyamata wa pakhomo amtenge pa cingwe m'mamawa theka la ola, amlole kununkhiza m'mbali mwa njira, pakuti mphuno ya galu ndiyo maso ace ndi nyuzipepala yace. Galu woyenda, wodya ndi wodzithandiza amagona yekha osauzidwa. Waciwiri ndi kumpatsa nchito ya pakamwa ndi ya mphuno. M'masitolo a m'mizinda muli zoseweretsa za mphira zobooka m'kati zoikamo cakudya, koma wosakhala ndi ndarama asadandaule. Cakudya ca m'mawa cikhoza kumwazidwa mu udzu wa m'kabwalo, kuti acifune-fune ndi mphuno m'malo mwa kucimeza pa mphindi imodzi. Tizidutswa ta mkute ndi mitu ya kapenta zikhoza kubisidwa pansi pa njerwa kapena pa mulu wa mcenga pangondya, pamene aloledwa kukanda. Pfupa lalikulu laliwisi la bondo la ng'ombe, la ku bucha, limamsunga nthawi yaitali. Nsaru yakale imene mbuye wace anabvala ikaikidwa pogona pace, pfungo lace limamkhazika mtima pansi. Ndipo galu woona nkhuku, anthu ndi njinga kupyola pa waya sasungulumwa monga wa mu mdima.

Pali zinthu zina zopezeka pakhomo pali ponse zimene siziyenera kusiyidwa ndi galu. Citsononkho ca cimanga ndi nthangala ya mango zikamezedwa zimatseka matumbo, ndipo kumudzi kulibe wong'amba galu. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka monga minga. Ndiwo zocuruka anyezi zimaononga mwazi wa galu. Cingwe ca m'khosi cibvulidwe polowa m'khola, kuopa kuti cingakole pa waya ndi kumpotola. Ndipo khola sililowa m'malo mwa katemera: kagalu kabayidwe katemera wa ciwewe kakafika miyezi 3, ndi kubwereza monga alangiza a ofesi ya ziweto, pakuti akatswiri anapeza kuti agalu 70 pa 100 ali onse akabayidwa, nthendayi imaleka kuyenda m'deralo.

Yeso lalikulu limafika pa nthawi ya ulendo. Caka ciri conse kumapeto kwa August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mabanja ambiri amatseka nyumba masiku awiri kapena atatu. Cimodzi-modzinso pakagwa maliro kutali, kapena pamene wodwala agonekedwa m'cipatala. Munthu amene sangasiye mbuzi zace m'khola masiku atatu popanda woziturutsa amasiya galu ndi mbale imodzi ya nsima ndi beseni la madzi, osaganiza kuti nsima idzatha pa ola loyamba ndi beseni lidzagubuduzika pa laciwiri. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ulendo usanafike, mwini galu apangane ndi mbale kapena mnansi, amzoloweretse galuyo masiku angapo, kuti azifika kawiri kapena katatu pa tsiku. Apa ndi pamene galu wodziwa anthu aonetsa phindu lace, pakuti galu wa m'bokosi palibe mnansi wolimba mtima kumtsegulira.

Adzakhalapo wonena kuti, anthu ali kusowa feteleza ndi ndarama za sukulu, nanga nkhani ya galu njotani? Yankho nlakuti pa zonse zachulidwa pano palibe cofuna cuma. Udzu, nsungwi, mphika wakale, saka ndi theka la ola m'mawa ndi zinthu zimene wosauka ali nazo. Bokosi la zitsulo ndilo lodya ndarama, ndipo galu woturukamo ndiye wodzetsa milandu: ulendo wa ku cipatala, masiku otayika pa nchito, cipepeso ca mbuzi kapena ng'ombe pa bwalo la mfumu, ndi cidani ca anansi cosatha ndi malipiro. Palinso ana a pakhomo, amene amaphunzira ndi maso. Mwana woona atate wace ali kumenya malata kuti nyama yotsekeredwa ikwiye waphunzira kuti wamphamvu amacita cimene afuna kwa wopanda pothawira, ndipo phunziro limenelo sadzalisiya pa khola la galu.

Nkhani imeneyi siyofuna lamulo latsopano. Ifuna anthu olankhula. Nyakwawa ndi mafumu, amene amaweruza milandu ya ng'ombe zodya m'munda, ali ndi mphamvu yofunsanso mwini galu woluma kuti galuyo amagona potani, ndipo amaturuka kangati. Alangizi a ziweto pobaya katemera, makamaka pa 28 September, tsiku lokumbukira nkhondo ya ciwewe pa dziko lonse, aonjezepo mau awiri a kasungidwe. Aphunzitsi auze ana kuti galu ali kudya, ali kugona kapena ali m'khola mwace sasewera naye. Amisiri opatsidwa nchito ya kabokosi ka malata alangize mwini nyumba za mthunzi ndi mphepo, monga amamlangizira za maziko a nyumba yace. Ndipo ali yense amene ali ndi khola kale akhoza kuliyesa mawa lomwe popanda kulipira kanthu: atsegule citseko masana, acoke, naone. Galu akabwerera yekha kukagonamo, khola limenelo ndi nyumba. Akaturuka ndi liwiro, nakana kuliyandikiranso, mwini wace adziwe cimene anamanga, ndipo aligumule.